Mtanda pa Dzina la Marit

Mlandu suola, amatero akuluakulu, koma wa pakati pa famu ya Storhovd ndi famu ya Brattli unanyanya. Unatha zaka zana limodzi ndi makumi asanu osachita ngakhale chuku. Mafamu awiriwa ali m'chigwa chimodzi cha dziko lina lozizira la kumpoto, kamtsinje kokha n'kamene kamawalekanitsa, ndipo nkhosa zawo zimadyera pamodzi kuphiri chilimwe chonse popanda kufunsana mayina. Eni ake ndiwo ankati akakumana m'sitolo n'kungogwedezerana mutu, aliyense maso pa dengu lake.

Ndiye kuti Torunn wa ku Brattli agwe m'chikondi ndi Aslak wa ku Storhovd, linali tsoka lochita kuliputa dala. Anapezana chaka chapitacho pa ntchito yotsitsa nkhosa kuphiri, onse atanyowa ndi mvula, akuthamangitsa nkhosa imodzi yomwe pomaliza inapezeka kuti si ya Torunn komanso si ya Aslak. Tsopano nyengo yotsitsa nkhosa inali itakwananso. Mphete inali itagulidwa, ndipo Aslak anali atalonjeza kuti Lamlungu, pa phwando la mayi ake a Gunvor lokwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, adzaimirira pamaso pa abale n'kunena za ukwati. Chinatsala chinali chimodzi chokha, a Gunvorwo.

"Wawauza?" anafunsa Torunn Lolemba masana, atatsamira mpanda wa khola.

"Ndawauza."

"Ndiye?"

"Anapitiriza kusenda mbatata."

"Aslak, ndakufunsa zomwe ayankha, osati zomwe aphika."

Aslak anavula chipewa n'kuyang'ana mkati mwake ngati yankho analisiya m'menemo. Anali mwamuna wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, wotha kunyamula nkhosa yamphongo pamapewa n'kutsika nayo phiri, koma mawu a mayi ake ankamulemera.

"Akuti magazi a Knut Brattli salowa m'nyumba ya Ragnhild iwo ali moyo."

Nkhani yake mwana aliyense m'chigwamo ankaidziwa. Mu 1871 Ragnhild, mwana woyamba wa ku Storhovd, anatenga pathupi asanakwatiwe, ndipo mwini mimba anali Knut Brattli. Knutyo anali mwini famu, wapabanja, wa mwana kale. Anakana kwamtuwagalu n'kumapitabe kutchalitchi atavala kolala yoyera. Ragnhild anabereka mwana wamkazi, ndipo chisanu cha chaka chomwecho chinatenga mayi ndi mwana yemwe. M'Baibulo lalikulu la ku Storhovd mayina awiriwo ali ndi timitanda pambali. Knut ameneyo ndiye kholo la Torunn.

"Ndiye mimba ya 1871 ndinaipereka ndine?" anafunsa Torunn.

"Apatse nthawi."

"Zaka zana ndi theka sizinawakwanire?"

"Usatero, Torunn. Chimwalirireni bambo, m'nyumba muja tatsala awiri. Sindingalowetse mkazi pakhomo mayi akutulukira kukhomo lakuseri."

Torunn ankamukonda mwamunayu, ndipo n'chifukwa chake mawuwo anamupweteka. Koma sanali mkazi wolira pakhola. Anamanga zipi ya jekete mpaka m'khosi.

"Lamlungu ndibwera. Ukapanda kuimirira, usadzandiimitsenso pamsewu."

Popita ku galimoto anali ataganiza kale chochita. Kutsutsa galu n'kukumba.

*

Kuseri kwa laibulale ya m'chigwamo kuli kachipinda ka gulu la mbiri yakale, momwe muli makompyuta awiri, ketulo ndi fungo la masokosi onyowa. Gululi linali litatha zaka zisanu ndi chimodzi likulemba buku la mafamu onse a m'chigwa ndi mabanja ake, ndipo bukulo limayenera kupita kwa osindikiza Lolemba lotsatira. Famu iliyonse inapereka munthu wolemba mutu wake. Mutu wa Brattli unagwera Torunn, yemwe anangokopera mndandanda wa makolo womwe azakhali ake analemba kalekale, osatsegula n'komwe kaundula wa tchalitchi.

Mkonzi wa buku lonse anali Bodil. Bodil ameneyu anakhalapo pa chibwenzi ndi Aslak zaka zinayi, ndipo ngakhale chibwenzi chinatha, ulendo wake wa ku Storhovd sunathe. Lachinayi lililonse ankapita kukaluka majuzi ndi a Gunvor.

"Aa, lero kugwa chipale chofewa mu Seputembala," anatero Bodil ataona Torunn akulowa Lachiwiri madzulo. "Wolemba mbiri wathu wabwera kudzaona kaundula. Ndikuyatsire kompyuta kapena umatha?"

"Ndiyatsa ndekha."

"Zoyatsazo n'zosavuta, mnzanga. Ntchito ndi kuwerenga."

Sankanama. Masamba a kaundula wakale anajambulidwa onse n'kuikidwa pa kompyuta, koma zolemba za abusa a nthawi imeneyo zinali ngati mapazi a nkhuku pamatope. Chilembo chimodzi ankachilemba mitundu itatu, inki ya kuseri kwa tsamba inkaonekera kutsogolo, ndipo masiku ankawatchula ndi mayina a Malamlungu a tchalitchi m'malo mwa manambala. Tsiku loyambalo Torunn anabwerera kwawo mutu ukuwawa, atangokwanitsa kuzindikira dzina la Knut. Vuto lake, m'chigwamo mwamuna wachitatu aliyense anali Knut.

Lachitatu anabwereranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anayenda ndi chala pa galasi mzere ndi mzere, m'gawo la ana obatizidwa mu 1871, mpaka mu Ogasiti anapeza mzere womwe abusa anaulemba mopendekera pang'ono, monga ankachitira ndi ana amene sanawakondwerere.

Marit. Wapathengo. Mayi: Ragnhild Aslaksdatter Storhovd, wosakwatiwa. Bambo wotchulidwa: Knut Eriksen Brattli, wosakwatira, wantchito.

Anawerenga katatu. Kenako anatulutsa mndandanda wa azakhali uja. Kholo lake linali Knut Halvorsen Brattli.

Munthu wa lero dzina la famu amaliyesa mfunda wa banja, chifukwa ndi momwe lakhalira tsopano. Kale silinali choncho. Munthu anali ndi dzina lake, kenako la bambo ake: Eriksen ndi mwana wa Erik, Halvorsen ndi mwana wa Halvor, ndipo wamkazi ankamaliza ndi datter. Dzina lachitatulo linkangonena kumene munthuyo akugona chaka chimenecho. Ukasamuka, dzina umalisiya pakhomo pamodzi ndi bedi. Choncho mu 1871 ku Brattli kunali a Knut Brattli awiri, wina wogona m'nyumba, wina wogona pamwamba pa khola la akavalo.

Anatsegula gawo la anthu otuluka m'parishi. Epulo 1871: Knut Eriksen, zaka makumi awiri ndi zitatu, wapita ku Amereka. Anathawa kutatsala miyezi inayi kuti mwana abadwe.

Torunn anatenga foni n'kulembera Aslak.

"Si ifeyo. Anali a Knut awiri."

Yankho la Aslak linabwera msanga, zomwe sizinkachitika kawirikawiri. "Awiri bwanji?"

"Wathu mwana wa Halvor. Wa mimbayo mwana wa Erik, wantchito, anathawira ku Amereka. Zaka zonsezi mwakhala mukutukwana munthu wolakwika."

"Ndiye zatha?"

"Zatha."

"Bwera nalo pepalalo Lamlungu. Uvale diresi yobiriwira ija."

Torunn anaseka yekha. Sanamve kuti Bodil waima kumbuyo kwake ndi kapu ya khofi.

"Wamupeza Eriksen," anatero Bodil. "Masiku awiri okha, sizoipa kwa munthu woyamba kumene. Koma wakondwa msanga. Wayang'ana pambali pa dzina la mwanayo?"

"Palibe kanthu."

"Eya, palibe kanthu. Tayang'ana ana enawo."

Torunn anayang'ana. Pa ana khumi ndi awiri a patsambalo, anayi anali ndi kamtanda kakang'ono pambali pa dzina.

"Abusa amenewa mwana akamwalira ankabwerera pa tsamba la ubatizo n'kuika kamtanda," anatero Bodil. "Marit wakoyo alibe."

"Mwina anaiwala."

"Amenewa? Ankalemba ngakhale komwe mphepo ikuchokera pa tsiku la maliro." Bodil anatenga chikwama chake. "Mawa upite zaka khumi ndi zisanu kutsogolo, pa ana olandiridwa ku mgonero. Potuluka uzimitse ketulo."

*

Lachinayi Torunn anayamba ndi gawo la maliro, akuyembekezabe kuti Bodil akungofuna kumusowetsa mtendere. Febuluwale 1872: Ragnhild Aslaksdatter Storhovd, zaka makumi awiri ndi chimodzi, matenda a m'chifuwa. Yekha. Anafufuza chaka chonsecho ndi chotsatira chake, koma maliro a mwana sanawapeze.

Mu 1886, pa ana olandiridwa ku mgonero, nambala yachisanu ndi chinayi pa atsikana: Marit Knutsdatter Brattli, woleredwa. Abusa anawonjezera kuti amawerenga bwino koma sayankhula.

Anapitirira ku gawo la maukwati, mtima ukudziwa kale zomwe maso akukafuna. Juni 1893: Halvor Knutsen Brattli ndi Marit Knutsdatter Brattli.

Poyamba anadzuka pampando. Mwana wa Knut kukwatira mwana wa Knut, pa famu imodzi? Mchimwene ndi mlongo wake? Kenako anaona gawo la mayina a abambo, n'kukhalanso pansi. Bambo a mkwati, Knut Halvorsen. Bambo a mkwatibwi, Knut Eriksen. Mwana wa mwini famu anakwatira mtsikana amene anakula naye pakhomo, mwana wa wantchito wothawa uja.

Pa makwerero a nyumba ya ku Brattli pali chithunzi cha mayi wokalamba wovala mpango wakuda, atagwira chokokolera udzu ngati akufuna kumenya nacho wojambula. Torunn ankadutsa pa chithunzicho tsiku lililonse chibadwire. Anali Marit, agogo awo a agogo ake aamuna. Pa mndandanda wa azakhali analembedwa kuti "kwawo sikudziwika." Agogo ake a Torunn, omwe pa ubwana wawo anawaona a Maritwo ndi maso, ankasimba chinthu chimodzi chokha za iwo: moyo wawo wonse sanawolokepo mlatho wa ku Storhovd. Ngakhale popita kutchalitchi ankazungulira njira ya kumtunda, ya ola lathunthu, ndipo anthu ankangoti ndi khalidwe la nkhalamba.

Ndiye kuti mwana amene Baibulo la ku Storhovd linamuika m'manda anakhala ndi moyo zaka makumi asanu ndi atatu, akuona denga la kwawo tsidya lina la mtsinje. Ndiponso magazi a Knut wa mimba uja, amene dzulo lomweli Torunn anawatulutsira pakhomo, anali atalowera pazenera. Anali mwa iye. A Ragnhild nawonso anali mwa iye.

Sanalire. Anasindikiza masamba atatuwo, n'kuwapinda bwinobwino.

Anakumana ndi Bodil pamalo oimika magalimoto, akuika dengu la ulusi pampando wakumbuyo.

"Unkadziwa," anatero Torunn.

"Kuyambira Malichi."

"Osandiuza?"

"Mutu wa Brattli ndi wako, mayi. Ine ntchito yanga n'kukonza zilembo. Unalemba kuti kwawo sikudziwika, ine n'kuona kuti zilembo zonse zili m'malo mwake."

"Ukufuna chiyani, Bodil?"

"Ine? Palibe. Lamlungu keke ndikuphika ndine, ndiye ndidzakhalapo. Ukadzawerenga theka, theka linalo ndili nalo." Anatseka chitseko cha galimoto, kenako n'kutsitsa galasi. Mawu ake anali atasiya kuseka. "Zaka zinayi ndinadikira kuti mwamuna ameneyo atsegule pakamwa pamaso pa mayi ake. Zinayi. Ukundiyesa mdani, koma ine ndikungofuna ndione ngati vuto linali ine."

Loweruka m'mawa Torunn analembera Aslak. "Pali china."

"Chabwino kapena choipa?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye chidikire Lolemba. Tikuyeza ana a nkhosa, manja ali bii."

Anayang'ana uthengawo kanthawi, n'kupita kukasita diresi yobiriwira.

*

Ku Storhovd kunasonkhana abale makumi awiri ndi atatu. Anadya nyama ya nkhosa yophika ndi kabichi, n'kusamukira m'chipinda chachikulu komwe kunali khofi ndi makeke amitundu isanu ndi iwiri, monga kuyenera. A Gunvor anamulandira Torunn pakhomo ndi dzanja lozizira.

"Walowa. Nsapato uvulire apo."

Anali mayi wamfupi wowongoka msana, wobadwira pa famu yomweyo. Malemu amuna awo ndiwo anachita kubwera, n'kutenga dzina la Storhovd pamodzi ndi mkazi.

Kapu yachiwiri itathiridwa, Torunn anagogoda kapu yake ndi supuni. Anthu anayang'ana Aslak, poganiza kuti phokosolo lachokera kwa iye. Aslak anayang'ana pansi.

"Pepani a Gunvor, ndikudziwa kuti tsikuli ndi lanu. Ndabwera ndi mphatso ya pepala."

Anawerenga tsamba loyamba, n'kufotokoza za a Knut awiri. Chipinda chinayamba kung'ung'udza. Amalume ake a Aslak, omwe anali atathira kena kake m'khofi mwawo, anamenya ntchafu.

"Wantchito! Zaka zonsezi ine ndikukana kubwereka thirakitala ya Brattli chifukwa cha wantchito wa ku Amereka?"

Anthu anaseka. Aslak anaika manja pa mawondo, kuyamba kudzuka, nkhope ili ngwee. Torunn anaona kuti akangokhala pansi pomwepo, mphete ituluka m'thumba kapu yachitatu isanathiridwe. Anaonanso Bodil ataimitsa mpeni pakati pa keke, akumuyang'ana. Koma si Bodil amene anamulepheretsa kukhala pansi. Anali mayi wa mpango wakuda uja, wozungulira njira ya ola lathunthu.

"Sindinamalize," anatero.

Anawerenga za maliro a munthu mmodzi. Anawerenga za mtsikana woleredwa amene amawerenga bwino koma sayankhula. Anawerenga za ukwati wa 1893.

"Mwana wa Ragnhild sanamwalire. Anakulira kwathu, n'kukwatiwa kwathu. Ndi agogo awo a agogo anga. Munati magazi a Knut salowa m'nyumba ya Ragnhild. Alowa kale, ndi awa akumwa khofi wanu. Koma abwera ndi a Ragnhild, sindingathe kuwalekanitsa."

Aslak anali atatsala pakati, osaimirira, osakhala. Pang'onopang'ono anabwerera pampando.

A Gunvor anapukuta pakamwa ndi kansalu.

"Bodil, pitiriza kudula keke, anthu akudikira. Torunn, tiye kuno."

*

Kachipinda kam'kati kanali kozizira. Baibulo linali patebulo pafupi ndi zenera, ndipo a Gunvor analitsegula pa tsamba loyamba osachita kufufuza. Aslak anawatsatira, koma anathera pakhomo, atagwira felemu.

"Tayang'ana timitanda timeneti," anatero a Gunvor. "Inki imodzi, dzanja limodzi, tsiku limodzi. Analemba ndi bambo ake a Ragnhild atangobwera kumanda. Atamaliza anamanga kavalo, n'kukulunga mwana m'chikopa cha nkhosa, n'kukamusiya pakhomo pa Brattli. Anati, katundu wa wantchito wanu uyu."

"Mumadziwa?"

"Kuyambira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Agogo anga anandiuza tikuchapa, kamodzi kokha, n'kundiuza kuti ndisadzabwerezenso. Ukuyesa wandibweretsera nkhani, mwana iwe? Wandibweretsera katundu wanga yemwe."

"Nanga Knut wathu mumamutukwaniranji?"

"Chifukwa kunena kuti mwana wako ananyengedwa ndi mwini famu kuli ndi ulemu kusiyana n'kuvomera kuti anakwera makwerero a khola la akavalo. Ndipo a Brattli atamulera mwanayo, anthu anati, mwaona, akulera wawo. Kenako amene anaona ndi maso anatha kufa, n'kutsala Baibulo." Anatseka maso kanthawi. "Kudana ndi Brattli ndinkatha. Ndinabadwa nazo, sizilemera. Koma kuti tsiku lililonse ndizikhala patebulo ndi nkhope ya mwana amene nyumba ino inamutaya pa chipale, zimenezo ndinaona kuti sindingathe. Chipumi chakocho n'cha kuno. Ndinachiona tsiku loyamba."

Kwa nthawi yoyamba Torunn anawamvera chisoni. Anaganiza kuti mwina apa ndi pamene anthu amakumbatirana. Koma a Gunvor anali atatsegula kale maso, ndipo anali ouma.

"Tsopano mvera. Zoyankhulidwa pa khofi zimapita ndi khofi. Mchimwene wangayo mawa sakumbuka kalikonse, enawo ndi abale, adziwa kutseka pakamwa. Koma buku ndi lina. Buku lilowa m'nyumba iliyonse m'chigwa muno, likhala pashelefu ife tonse titaola. Likupita mawa, si choncho?"

"Mawa m'mawa."

"M'mutu wa Storhovd mwalembedwa kuti Marit, mwana wa Ragnhild, anamwalira mu 1872, ndipo pali mtanda. Zikhale choncho. Marit wakoyo umusiye monga analembera azakhali ako, kwawo sikudziwika. Za a Knut awirizo lemba, dzina la kwanu liyere, sindikukaniza. Ukatero, mphete ndikuveka ndi manja angawa. Chisoti chasiliva cha akwatibwi a nyumba ino, chomwe Ragnhild sanavale, udzavala ndiwe."

"Ndikapanda kutero?"

"Ndiye kuti wasankha akufa. Akufa sakwatira."

Torunn anatembenukira kukhomo. Ankafuna liwu limodzi lokha, ngakhale laling'ono, ngakhale lachibwibwi.

"Aslak?"

Aslak anagwiritsitsa felemu. Anayang'ana mayi ake, anayang'ana Baibulo, kenako anayang'ana diresi yobiriwira, penapake cha paphewa.

"Mayi avomera, Torunn. Sukumva? Avomera." Anatsitsa mawu. "Ndi kamtanda chabe. Timizere tiwiri."

Torunn anayang'ananso patsambapo. Pamwamba penipeni, m'zilembo zikuluzikulu za mwini Baibulo, panali dzina la munthu amene anajambula timizere tiwirito. Ku Storhovd mwana wamwamuna woyamba amatenga dzina la agogo ake, ndipo lakhala likubwerera choncho mibadwo yonseyi. Aslak.

"Zikomo chifukwa cha chakudya," anatero kwa a Gunvor, chifukwa ngakhale zinthu zitavuta bwanji, munthu sachoka patebulo la eni osathokoza.

Anavala nsapato zake pakhomo paja. Palibe anamutsatira.

*

Galimoto anaisiya kwawo, poti kuchokera ku Brattli kufika ku Storhovd ndi mphindi khumi zokha ukadzera pamlatho. Dzuwa linali likadalipo, ndipo m'minda ya tsidya zonse ziwiri nkhosa zinali zitalekanitsidwa kale, zopakidwa chizindikiro cha utoto wofiira uku, za utoto wabuluu uko.

Atapisa dzanja m'thumba la jekete kufuna magolovesi, anakhudza kabokosi. Anakatulutsa. Mphete. Aslak anali atakalowetsa m'jeketemo ili pa msomali, mwina phwando lisanayambe, mwina pamene Torunn ankatsatira a Gunvor ku kachipinda kam'kati. Ngakhale pamenepa mwamunayo anapeza njira yofunsira mbeta osatsegula pakamwa. Torunn anafuna kukwiya, koma chimene chinabwera chinali chikondi chomwe chija, chopusa, chosamva. Mpheteyo anaiyesa pa chala. Inakwana ndendende.

Foni inalira m'thumba lina. Anaganiza kuti ndi Aslak. Anali Bodil.

"Wawerenga zonse, ndakupatsa ulemu. Vuto silinali ine, ndaona ndekha. Koma osindikiza akufuna buku 8 koloko m'mawa, ndipo mutu wa Brattli ndi wako."

Torunn asanayankhe, uthenga wachiwiri unalowa.

"Marit ndimuphe kapena ndimusiye?"

Anaima. Kutsogolo kwake kunali nyumba yokhala ndi chithunzi pa makwerero, kumbuyo kwake utsi unkatuluka pa denga la Storhovd. Mphete inali pa chala, foni m'dzanja lomwelo. Atayang'ana pansi anaona madzi akudutsa m'mipata ya matabwa, ndipo ndi pamene anazindikira kuti waima pakati penipeni pa mlatho.